Khasu Lisathere M'chimanga Mokha

Mvula yobzalira ikagwa, khasu limathamangira ku chimanga ndi fodya, pamene nyemba, mtedza, soya, khobwe ndi nandolo zimasiyidwa kuti zidikire. Ife tikuti chizolowezi chimenechi chithe. Mbewu zomwe tikuzinyozazi ndizo ndiwo za pakhomo, ndizonso zimalipira ana sukulu ndi kubwezera chonde m'nthaka.

Alangizi a zaulimi akhala akunena kuti masabata asanu ndi limodzi oyamba ndiwo amaweruza zokolola. Kupalira koyamba kuchitike masabata awiri kapena atatu mbewu zitamera, udzu ukadali wanthete. Nandolo, yemwe alimi a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje amabzala pamodzi ndi chimanga, amakula pang'onopang'ono poyamba, kotero chisoso ndi khovani zimamupitirira msanga. Ndipo khovani sagonja ndi khasu lokha: mukamusiya pa dothi lonyowa, mawa lake wagwiranso. Mutulutseni m'mizere kuti aume ndi dzuwa.

Tikudziwa kuti Januwale ndi mwezi wowawa. Nkhokwe zimakhala zitapepuka, ndipo ambiri amapita kukapalira minda ya eni kuti apeze ufa, yawo ili kumira m'tchire. Sitikuwanyoza ayi. Koma banja limene manja ali ochepa lilime munda umene lingathe kupalira, pakuti theka la ekala losamalika limaposa ekala yathunthu yogawana ndi udzu.

Kuchedwa kumabalanso vuto lina. Mtedza ukachita maluwa ndi kuyamba kuloza pansi timinga tobereka, khasu limadula mtedza wa mawa. Apo udzu uzulidwe ndi manja. M'nyemba musalowe masamba ali onyowa, chifukwa matenda amayenda ndi zovala ndi mapazi a mlimi yemwe.

Pa kaufiti ndipo tifuna tigogomeze. Ambiri amaganiza kuti ndi mdani wa chimanga chokha, koma ulipo mtundu wina wa maluwa achikasu umene umayamwa mizu ya khobwe, soya ndi mtedza. Pofika poonekera kunja, umakhala utawononga kale pansi. Njere zake ndi zambirimbiri, zazing'ono ngati fumbi, ndipo zimakhala m'nthaka zaka zochuluka. Auzule ndi kuutentha usanabereke, asinthanitse mbewu, ndipo amene minda yawo yagwidwa afunse alangizi za khobwe wa Mkanakaufiti.

Tikupempha mafumu ndi atsogoleri a makalabu kuti poyendera minda chaka chino asathere pa chimanga cha m'mbali mwa msewu. Alowe mpaka kumene kuli nyemba.