Opaleshoni Imene Kuno Kulibe, ndi Anthu Amene Akuidikira

Pa 28 Juni 2024 oweruza atatu a Bwalo Lalikulu, atakhala ku Blantyre ngati bwalo lomasulira malamulo oyendetsera dziko, adakana pempho la anthu aŵiri lakuti ndime 153, 154 ndi 156 za malamulo a milandu zithetsedwe. Mmodzi mwa aŵiriwo adali Jana Gonani, amene bwalo la majisitireti kuno ku Mangochi lidampeza wolakwa mu Disembala 2021 ndi kumulamula kukakhala kundende zaka 8. Gonani adabadwa ndi thupi la mwamuna, koma amadzidziŵa kuti ndi mkazi ndipo amakhala monga mkazi. Anthu otere pa Chingerezi amatchedwa transgender. M'chinenero chathu mulibe liwu limodzi lowatchulira, ndipo maŵu amene amamveka pamsika ndi padoko ngonyoza okhaokha.

Mlandu wa Gonani sudali wokhudza opaleshoni, koma tayambira pomwepo chifukwa ndiwo ukutisonyeza nthaka imene munthu wotere amapondapo asanaganize n'komwe za chipatala. Mabungwe oona za ufulu wa anthu adanena kuti iye atamangidwa mu Seputembala 2021, wapolisi wamwamuna adamuyang'ana kumaliseche, ndipo adamutsekera m'chipinda cha amuna. Tsono aŵerengi adzifunse: wachinyamata wa ku Namwera kapena ku Makawa amene adamva zimenezi, kodi angalimbe mtima kukaima pamaso pa dokotala ndi kufotokoza m'mene amadzimvera?

Poyamba tisiyanitse zinthu zitatu zimene anthu ambiri, ngakhale aphunzitsi anzanga, amaziphatikiza. Pali nkhani ya amene munthu amamukonda. Pali nkhani ya ana obadwa ndi ziwalo zosadziŵika bwino ngati ndi zachimuna kapena zachikazi. Ndipo pali ino, ya munthu amene thupi lake lili lodziŵika bwino koma mtima wake sugwirizana nalo, kaŵirikaŵiri kuyambira ali mwana. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidachotsa vutoli m'gulu la matenda a misala m'kaundula wake watsopano wa matenda, amene adavomerezedwa mu 2019 ndi kuyamba kugwira ntchito mu 2022. Silidalifufute m'kaundulamo ayi. Lidalisamutsira ku gawo la umoyo wa ziwalo zoberekera, kuti ofuna chithandizo azichipezabe.

Sikuti onse amafuna opaleshoni. Ena amakhutira ndi dzina ndi zovala, ena amafika pa mankhwala okha. Kwa amene amaifuna, njira yake ndi yaitali ngakhale m'maiko olemera. Malangizo amene madokotala ambiri amatsata, olembedwa ndi bungwe la WPATH ndi kukonzedwanso mu 2022, amafuna kuti munthu ayambe waonana ndi katswiri wodziŵa za nkhaniyi, amene atsimikize kuti kusagwirizanako n'kokhazikika ndiponso kuti mwini wake akumvetsa zimene sizidzabwezeka. Kenaka, asanachitidwe opaleshoni ya ziwalo zobisika, amayenera kukhala pa mahomoni kwa miyezi yosachepera 6. Malangizo akale ankafuna miyezi 12.

Mahomoniwo amagwira ntchito pang'onopang'ono. Wobadwa ndi thupi la mwamuna akamamwa estradiol, pamodzi ndi mankhwala ochepetsa mphamvu ya homoni yachimuna monga spironolactone, maŵere amamera ndipo mafuta a m'thupi amasamukira m'chiuno, koma mawu sasintha. Wobadwa ndi thupi la mkazi akamabayidwa testosterone mawu amakula, ndevu zimamera ndipo msambo umaleka. Zonsezi zimatenga zaka ziŵiri kapena kuposerapo kuti zikhazikike, ndipo nthaŵi yonseyo magazi amayenera kuyezedwa. Mphamvu yobereka imachepa, ndipo ziwalo zikachotsedwa imatheratu. Nkhani imeneyi, kwa ife amene timayesa ukulu wa munthu ndi ana amene wabereka, siyofunika kuidumpha. Wosuta fodya amauzidwa kuti aleke, pakuti fodya amachedwetsa kupola kwa mabala. Amene adzapangidwe njira yachikazi kaŵirikaŵiri amayamba wachotsa tsitsi la pamalopo, ntchito ya miyezi yambiri. Ndipo opaleshoni ikatha ntchito siyitha: pamafunika kutanula njirayo ndi chipangizo tsiku ndi tsiku kwa miyezi ingapo, kenaka mwa apo ndi apo kwa moyo wonse, apo ayi imatsekeka. Zimenezi zimalira madzi aukhondo, chipinda chotseka, ndi wachibale wodwazika amene sachita manyazi. Ambiri mwa anthu amene tikuwakambaŵa adathamangitsidwa kale pakhomo.

Tsopano tibwere kwathu. Palibe chipatala cha boma m'Malaŵi muno, kuyambira cha pa boma la Mangochi kufikira cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene chili ndi ndondomeko ya chithandizo chimenechi. Lamulo la ukwati la 2015 lidanena poyera kuti umuna kapena ukazi wa munthu ndi umene adabadwa nawo. Motero palibe njira yoikika yosinthira chilembo cha pa chiphaso cha unzika kapena pa pasipoti. Kunena zoona, pano sitinganene kuti munthu wachedwa pa mzere. Mzerewo kulibe.

Kotero maso amayang'ana kumene maso a anyamata a kuno adazoloŵera kuyang'ana, ku Joni. Mseu wake palibe mwana wa ku Mangochi amene saudziŵa: ku Mwanza, ku Tete, kudutsa Zimbabwe mpaka pa Beitbridge. Tiwonge Chimbalanga, amene adamangidwa mu Disembala 2009 atachita chinkhoswe ku Blantyre, nalamulidwa zaka 14, nakhululukidwa ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika mu Meyi 2010, adakathera ku Cape Town ngati wothaŵa kwawo. Dziko la South Africa lili ndi lamulo la 2003 lolola munthu kusintha umuna kapena ukazi pa mapepala a boma, ndipo chipatala cha Groote Schuur, chomwe chija Christiaan Barnard adaikirako munthu mtima wa munthu wina mu 1967, chili ndi gulu la madokotala oona za anthu ameneŵa.

Komatu nako ndiko kuli kudikira kwenikweni. Chipinda cha opaleshoni cha chipatalacho chimagaŵidwa pakati pa odwala khansa, ovulala pa ngozi ndi ena onse, ndipo gulu limeneli limapatsidwa masiku oŵerengeka chabe pa chaka. Manyuzipepala a kumeneko akhala akulemba kuti mzere wake umafika zaka zoposa 20. Wolembetsa chaka chimene wamaliza Folomu 4 angathe kuitanidwa anzake a m'kalasi ali ndi zidzukulu. Ndipo ameneyo ndi nzika. Mmalaŵi amaloledwa kukhala m'dzikomo masiku 30 popanda chilolezo china. Akapyola apo ndi wozemba, ndipo wozemba sakonda kulembetsa dzina lake pa ofesi iliyonse. Kuchiyambi kwa 2025 boma la America litaimitsa chithandizo cha ndalama, zipatala za bungwe la Wits RHI zimene zinkapereka mahomoni mwaulere kwa anthu ameneŵa zidatsekedwa, ndipo ambiri adadukiza mankhwala pakati. Kwatsala madokotala olipira, kumeneko kapena ku Thailand, ndipo wolandira kwacha akudziŵa yekha chimene chidaichitikira mu Novembala 2023 pamene idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti.

Chimene chimandidetsa nkhaŵa koposa ndi chimene chimachitika m'zaka zodikirazo. Munthu amene alibe dokotala amadzipangira udokotala. Mapiritsi akulera ndi osavuta kupeza, ndipo nzeru imafalikira pa foni yakuti amameretsa maŵere. Ndi zoona kuti muli homoni yachikazi, koma ndi ya mtundu wa ethinylestradiol, umene madokotala adausiya pa ntchito imeneyi chifukwa umaundanitsa magazi m'mitsempha. Nthongo ya magazi ikachoka m'mwendo n'kukatseka m'mapapo, munthu amafa ali chiimire, makamaka wosuta fodya amene akumwa mapiritsi atatu m'malo mwa limodzi pofuna changu. Safunsa adadya phula, akuluakulu adatero. Koma nanga amene akafunsa aopa kumangidwa timuweruza bwanji?

Palinso za kachirombo ka HIV. Ena amadumphitsa ma ARV poopa kuti afooketsa mahomoni. Mantha ameneŵa adali ndi pogwira nthaŵi ya efavirenz, amene amatha kutsitsa mlingo wa estradiol m'magazi, koma dolutegravir, amene dziko lino lidayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, alibe vuto limenelo. Wodumphitsa mankhwala akudzitsekera yekha khomo limene akulidikira, pakuti dokotala wa opaleshoni amafuna wodwala amene kachirombo kake kadagonja. M'kuona kwanga, kukonzekera kumene kuli m'manja mwa munthu wa kuno n'komweko: kusunga thupi lamphamvu, kuyezetsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga, kuleka fodya, kusunga mapepala onse a kuchipatala, ndi kuphunzira ntchito ya manja kapena ya cholembera imene ingamudyetse kulikonse. Kupeza munthu mmodzi womukhulupirira n'kofunikanso, chifukwa ofufuza m'maiko ambiri adapeza kuti maganizo ofuna kudzipha ndi ochuluka pakati pa anthu ameneŵa, ndipo amachepa pamene achibale sadawataye.

Ndikudziŵa kuti ambiri oŵerenga tsamba lino, Asilamu ndi Akhristu omwe, sagwirizana ndi kusintha thupi, ndipo ena adayenda nawo m'miseu mu Julayi 2023 pamene atsogoleri a zipembedzo adatsogolera maulendo otsutsa mlandu uja usanagamulidwe. Chikhulupiriro chawo sindikuchipeputsa. Palinso funso la chilungamo: m'dziko limene amayi amagona pansi podikira kuchira, kodi boma lingaike ndalama pa opaleshoni yotereyi? Ine ndikuti lero silingathe, ndipo wonena kuti lingathe sadaloŵe m'chipatala cha boma posachedwapa. Koma kuyeza magazi a munthu amene akumwa kale mahomoni, ndi kumuchenjeza za mapiritsi oopsa, sikulira chipangizo chatsopano. Ndime za malamulo zimene bwalo lidazisunga zimaletsa mchitidwe wina wa kugonana. Sizinena kuti namwino akane kuyeza wodwala chifukwa cha m'mene wavalira, ndipo ndime 19 ya malamulo oyendetsera dziko imati ulemu wa munthu aliyense suyenera kuphwanyidwa.

Maiko ena adayambira pa mapepala. Ku Botswana, mu 2017, Bwalo Lalikulu lidalamula boma kusintha chilembo pa ziphaso za anthu aŵiri otere, mmodzi wa iwo Tshepo Ricki Kgositau. Ku Kenya, mu 2014, Audrey Mbugua adapambana mlandu wofuna kuti bungwe la mayeso limupatse satifiketi ya sekondale yokhala ndi dzina lake latsopano. Nkhani ya Mbugua ndiyo ikutikhudza ife a choko. Wophunzira amakhoza MSCE pa dzina limodzi, nakafuna ntchito ali ndi nkhope ndi mawu a munthu wina. Wolemba ntchito amaona ngati satifiketiyo ndi yakuba. Ndipo wopanda ntchito sangasunge ngakhale ndalama ya basi.

Oweruza a ku Blantyre adasiya nkhani yosintha malamulo m'manja mwa Nyumba ya Malamulo. Pakadali pano mwana amene akudzimva chotero ali m'kalasi ina m'boma lino, ndipo ngati angaulule, kaŵirikaŵiri adzayamba kuuza mphunzitsi asanauze dokotala. Mphunzitsiyo sadzafunsidwa kuti avomereze opaleshoni. Adzafunika kusankha ngati nkhaniyo aisunge, kapena ikhale itafika m'chipinda cha aphunzitsi belu la nkhomaliro lisanalire.