ZA MOYO WA M'BANJA: Ola Limodzi la Bata

Nkhani ya mwezi uno inayamba yandiseketsa, koma pambuyo pake inandisiya ndili ndi maganizo. M'mizinda ikuluikulu ya ku America, ku Ulaya ndi ku South Africa muli nyumba zimene anthu amapitako ndi kulipira ndalama kuti agone pamadzi kwa ola lathunthu, mumdima, osacita kanthu kalikonse. Eni ake amati float therapy, ndiko kunena kuti kupumula mwa kuyandama.

Munthu amalowa m'cibafa cacikulu cokhala ndi civundikiro. Madzi ake ndi osaya, masentimita 25 kapena 30 cabe, koma amasungunulamo makilogramu 400 kapena 500 a mcere wochedwa Epsom, dzina locokera ku tauni ina ya ku England. Mcerewu si wothira m'ndiwo ai. Nchito yake ndi kulemeretsa madzi kuti ngakhale wosadziwa kusambira asamire. Madziwo amawafunditsa kufika pa madigiri 35, molingana ndi khungu la munthu, kotero kuti pakapita kanthawi sudziwanso pamene thupi lalekeza ndi pamene madzi ayambira. Amene anacitapo ulendo wa ku Dziko Loyera ndi kusamba m'Nyanja Yakufa, ija Baibulo limaichula kuti Nyanja ya Mcere, akukudziwa kuyandama kotere.

Anayambitsa zimenezi ndi dokotala wa ku America, John C. Lilly, m'caka ca 1954. Iye anafuna kuona ngati ubongo umagona ukasowa coona ndi comva, ndipo anapeza kuti sugona. Tsoka ilo, pambuyo pake anayamba kusakaniza kafukufuku wakeyo ndi mankhwala osokoneza bongo, ndipo mpaka lero ena ogulitsa nchitoyi amalonjeza masomphenya ndi nzeru zobisika. Mkhristu asatengeke nazo zimenezo. Cimene cili ndi umboni n'cocepa koma n'coona: mu 2018, ofufuza a ku Tulsa motsogozedwa ndi Justin Feinstein anayesa anthu 50 ovutika ndi nkhawa, ndipo atayandama ola limodzi nkhawa yao inatsika, minofu inamasuka. Anthu 50 ndi ocepa, ndipo ola limodzi silinena za mawa. Wodwala matenda a maganizo apite ndithu kucipatala. Wa khunyu kapena wa zilonda asalowe m'madzi otere popanda kufunsa dokotala.

Koma cimene candigwira mtima ndi ici. Olowamo koyamba kawirikawiri amalimbitsa khosi, kuyesa kunyamula mutu, pamene madziwo angathe kuunyamula okha. Ena amaturukamo khosi likuwawa. Auzidwa kuti sangamire, akhulupirira ndi pakamwa, koma thupi likukana. Kodi si mmene ambirife timagwadira m'chalichi? Milomo ikupereka zonse m'manja mwa Mulungu, koma mumtima tikuwerenga ndalama za sukulu, ngongole ya pa okala, ndi unga umene watsala pang'ono m'thumba. Mneneri Eliya pa phiri la Horebu sanapeze Mulungu m'cimphepo, m'civomezi kapena m'moto, koma m'kamphepo kayaziyazi. Ife kamphepo kotero sitingakamve, cifukwa wailesi ikulira ndipo foni ili m'manja.

Ndiye cimene anthu aja amagula si mcere kwenikweni. Akugula ola limodzi lopanda wowaitana. Tsono ganizirani za amai a m'nyumba mwanu: amadzuka kusanace, moto, madzi, ana, kumsika, odwala, maliro a m'mphakati. Ngakhale pa Misa ali ndi mwana kumsana ndi wina pamwendo. Ndi liti pamene anakhalapo ola lathunthu popanda womuchula dzina? Timadabwa akayamba kudandaula mutu, kusowa tulo ndi kupsa mtima msanga, ndipo timathamangira kugula Panadol.

Atate, ndikulankhula ndi inu makamaka. Lamulungu masana chalichi limakhala lopanda anthu, nyali yofiira ikuyaka pafupi ndi tabernakulo. Tengani ana onse, ndi wamng'ono yemwe, mupite nawo kukaonera mpira kapena kwa agogo ao. Amai apite okha, foni aisiye kunyumba. Mphindi khumi zoyamba zidzawavuta, pakuti maganizo adzathamangira ku mapoto osatsuka, angokhala ndithu. Akasinza pabenci, musawafunse kuti anapemphera zotani.