MAINA NDI MATANTHAUZO AKE: Esther, mkazi wa maina awiri

Dzina la Estere silisowa m'midzi ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga. Kusukulu amalemba Ester monga mwa Chipwitikizi, ena amalemba Esther, koma dzina ndi limodzi. Makolo ambiri amadziwa kuti ndi la m'Baibulo, la mkazi wa Chiyuda. Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti mwiniwake woyambayo anali ndi dzina lina la mtundu wake.

Buku la Estere, mutu 2, likunena kuti mtsikanayu ankatchedwa Hadassah. Dzinali ndi la Chihebri ndipo limachokera ku mau akuti hadas, kamtengo kamene Baibulo la Chichewa limakatcha mchisu. Masamba ake sayoyoka chaka chonse, maluwa ake ndi oyera, ndipo fungo lake labwino limamveka kwambiri munthu akafikisa tsamba m'manja.

Nanga la Esther linachokera kuti? Akatswiri a zilankhulo ambiri amati ndi la Chiperisiya, lotanthauza nyenyezi. Ena amati linachokera kwa Ishtar, mulungu wamkazi wa ku Babulo. Aphunzitsi akale a Chiyuda anaona kuti likumveka ngati mau a Chihebri otanthauza kubisa, ndipo zimenezi zikugwirizana ndi mbiri yake.

Hadassah anali mwana wamasiye m'mzinda wa Susa, m'dziko limene lero ndi Iran. Anamlera ndi mbale wake Mordecai, paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mfumu ya nthawiyo, imene ambiri amati ndi Xerxes I (486 mpaka 465 Khristu asanabadwe), inachotsa mkazi wake Vashti nisankha mtsikanayu. Mordecai anamlangiza kuti asaulule mtundu wake, choncho kunyumba ya mfumu ankadziwika kuti Esther basi.

Tsono nduna ina, Haman, inakonza chiwembu chopha Ayuda onse m'zigawo 127 za ufumuwo, ndipo tsiku lake analisankha pochita maere. Lamulo linali lakuti wolowa kwa mfumu osaitanidwa aphedwe, pokhapokha mfumuyo itamloza ndi ndodo yake yagolide. Esther akanatha kukhala chete n'kupulumuka yekha. Koma anasala kudya masiku atatu, analowa, ndipo pambuyo pake anaulula kuti anthu ofuna kuphedwawo ndi a mtundu wake. Haman ndiye anapachikidwa.

Mpaka lero Ayuda amakumbukira zimenezi pa chikondwerero cha Purim, kutanthauza maere, chimene chimagwa m'mwezi wa Febuluwale kapena Malichi. Amawerenga buku lonse la Estere, amatumizirana zakudya ndi kupereka mphatso kwa osauka. Dzina loyamba lija nalonso silinafe. M'chaka cha 1912, Henrietta Szold ndi amai anzake a Chiyuda ku New York anayambitsa bungwe lotchedwa Hadassah, ndipo zipatala zake ku Jerusalem zikugwirabe ntchito.

Kuno kumalire anthu ambiri ali ndi maina awiri, la kumudzi ndi la pa chiphaso kapena la ubatizo, ndipo palibe cholakwika. Mlandu umabwera pamene mwana wapita kutauni n'kuyamba kuchita manyazi ndi abale ake. Makolo amene apereka dzina la Estere amuuze mwanayo mbiri yake yonse: mwini dzinali anavomera mtundu wake pa tsiku limene kutero kukanamtengera moyo.