Lendi mwalandira, nanga phokosoli tikadandaule kwa yani?

Pa nyumba zambiri za mdadada ku Ndirande, Kawale kapena Mchesi, khoma logawa zipinda silifika kumalata ndipo siling'i kulibe. Wa chitseko cha kumapeto akatsokomola, wa pakati amadziwa kuti chifuwa chija sichinapole. M'nyumba zotere, ndani anaganiza kuti sabufa ingalire mpaka 2 koloko usiku anthu osakangana?

Tiyambe ndi eni nyumba, pakuti ndiwo amazemba nkhaniyi. Munthu asanalandire kiyi amauzidwa kuti apereke lendi ya miyezi itatu. Amauzidwa tsiku lake losesa pabwalo ndi lokolopa kubafa, kagawidwe ka mayunitsi a magetsi ndi bilu ya madzi, ngakhale nthawi yotseka geti. Nanga bwanji sauzidwa nthawi yotsitsa wailesi? Wina akabwera kudzadandaula kuti sakugona, yankho limakhala lakuti, "Ndinu akuluakulu, kakambiraneni nokha." Koma lendi ikangochedwa masiku awiri, landilodi yemweyo amafika pakhomo mbandakucha. Kodi pa ndalama imene amalandirayo, tulo sitili m'gulu la zomwe munthu walipirira?

Zimafika poipa pamene mwini phokoso ali landilodiyo. Watsegula shabini kumaso kwa mpanda, wabwereketsa khonde kwa owotcherera zitsulo, kapena wapereka chipinda chapakati kwa mpingo wa mapemphero a usiku wonse. Wochita lendi akatsegula pakamwa, mawa lake amapatsidwa notisi. Popeza ambiri analowa m'nyumba pongogwirizana pakamwa, popanda pepala lililonse, adzagwira pati? Amangokhala chete, nkuyamba kufunsa anzake ngati kwinakwake kwamveka nyumba.

Sitikunena za phokoso lililonse. Khanda likalira usiku palibe amalizimitsa ngati wailesi. Pakagwa maliro, nyimbo zimachezera ndipo tonse timakakhala nawo pamoto. Wa chinkhoswe akadutsa khomo ndi khomo kudziwitsa anzake kutatsala sabata, ndani angamukanize? Chimene chikudanitsa anthu ndi phokoso lochita kusankha, la tsiku ndi tsiku. Magetsi a ESCOM akathima, bwanji jenereta imaikidwa pansi pa windo la mnzako, kutali ndi lako? Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amapereka ufulu wopembedza, ndipo ufuluwo ndi wofunika. Koma kodi pemphero la anthu khumi okhala m'chipinda chimodzi limafunikadi chimkuzamawu choloza panja?

Ena amati odandaula ndi odzimva. Koma bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2009 kuti phokoso la usiku panja pa chipinda chogona lisapitirire madesibelo 40, lomwe ndi lochepera pa la anthu awiri ocheza bwinobwino. Kusowa tulo nthawi yaitali kumakweza BP. Namwino amene akuyamba ntchito m'mawa, mwana wa Fomu 4 amene akuwerengera mayeso a MSCE, mlonda amene amagona masana okha: onsewa ndi odzimva?

Nafenso odandaula tili ndi mlandu. Nkhani ya phokoso imakambidwa pampopi, pa ntchito, ngakhale m'minibasi, koma mwini wailesi osaimva. Wina amabwezera pokweza yake, mdadada wonse nkusokonekera. Wina amapirira miyezi, kenako nkukamenya chitseko pakati pa usiku, pomwe mnzakeyo walawako kale. Pamenepo mungamvane chiyani? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma akachitsekule masana, mitima ili m'malo: "Aneba, mwana akulemba mayeso sabata ino, mungamatsitseko ikakwana 10 koloko?" Ambiri sadziwa nkomwe kuti kuseri kwa khoma mbale zimanjenjemera pa shelefu. Zikakanika, nkhani ipite kwa landilodi, pakhale mboni. Iye akaikankha, kuli amfumu kapena a buloko lida, kuli apolisi a m'dera.

Kupitirira apo kuli boma, lomwe nalo liyankhe. Malamulo a milandu m'dziko muno amaletsa mchitidwe wosowetsa anthu mtendere. Lamulo la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Makhonsolo a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba ndiwo amapereka ziphaso za malo omwera mowa. Nanga mayi wa ku Bangwe amene sanagone usiku wachitatu aimbire nambala iti? Chiphaso cha bala yomangidwa khoma ndi khoma ndi nyumba zogona chimasainidwa wina atapita kukaona malowo, kapena zimathera pa desiki?

Komabe zambiri mwa nkhanizi sizinayenera kufika kukhonsolo. Pepala limodzi losainidwa tsiku lopereka kiyi lingakwanire: nthawi yotsitsa nyimbo, malo oika jenereta, kudziwitsana pakakhala mwambo, ndi mawu oti wodandaula sadzathamangitsidwa chifukwa chodandaula. Inu eni nyumba, amene simuiwala kulemba m'kope tambala iliyonse ya bilu ya madzi, chikukuvutani nchiyani kulemba mizere inayi imeneyi?