Laimu sachirikiza denga

Anzanga aphunzitsi, ndi inu ana athu amene munadutsa m'manja mwathu ndipo lero muli m'maofesi ku Blantyre, ku Lilongwe ngakhale ku Joni, lero ndalemba mtima uli m'mwamba. Mawu ena akatuluka ndi minga mundikhululukire.

Pasukulu imene ndimaphunzitsa kuno ku Mwanza (dzina sinditchula, ntchito ndikuyifunabe) siling'i ya kalasi ya Fomu 3 inagwa teremu yathayi. Inagwa Lamlungu usiku m'kalasimo mulibe munthu. Lolemba m'mawa tinapeza zibenthu zake, dothi la chiswe ndi ndowe za mileme zili mbwee pamadesiki akutsogolo, pamene pamakhala ana aafupi misinkhu. Ikanachedwa kugwa mpaka nthawi ya phunziro loyamba, bwenzi pano tikukamba zina.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi ichi. Kutatsala masabata atatu kuti izi zichitike, kalasi yomweyo tinaipaka laimu chifukwa kunkabwera alendo. Tinapakanso miyala ya m'mbali mwa njira, mitengo nayo tinaiveka masokosi oyera. Ana anataya masiku awiri akusesa ndi kulambula. Alendo anafika, anayamikira ukhondo, anamwa Fanta n'kumapita. Chikomekome cha mkuyu! Ndalama ya laimuyo ikanakwanira kutseka pamene pankadontha paja.

Ndipo tonse tinkadziwa kuti pamadontha. Ineyo ndinkadziwa, mvula ikayamba ndinkangouza ana kuti asunthe madesiki. Mnzanga wa masamu ankadziwa. Ahedi amene anasamutsidwa ankadziwa, koma anapita nazo m'mutu mwawo. Ahedi akamasiyirana ofesi amawerengerana mabuku, madesiki, makiyi ndi ndalama za kubanki. Ndani anamvapo akusiyirana denga? Atsopanowa anapeza makoma oyera n'kuyesa zonse zili bwino. Sindikuwaimba mlandu. Mlandu ndi wa tonsefe, chifukwa palibe ndi mmodzi yemwe amene analemba penapake kuti pamwamba pa bolodi la Fomu 3 lata linachita dzimbiri, madzi akulowa, ndipo izi zinayamba chaka chakuti.

Ndiye mfundo yanga ndi imodzi basi. Sukulu iliyonse, koleji iliyonse, ikhale ndi buku la matenda a nyumba zake, ndipo pasatuluke ngakhale tambala yokonzera nyumba popanda kuyamba kutsegula bukulo.

Ndikudziwa wina anena kuti, "Aphunzitsi, kodi si paja chaka ndi chaka timadzaza mafomu a EMIS?" Inde timadzaza. Kalembera ameneyu ndi wofunika, amathandiza Unduna wa Maphunziro kudziwa chiwerengero cha ophunzira, aphunzitsi, makalasi ndi zimbudzi m'dziko muno. Koma chiwerengero cha makalasi sichingakuuzeni phaso limene chiswe chadya, kapena mng'alu umene ukukula. Kalasi yathu ija inkawerengedwa ngati kalasi yanjerwa yofolera malata mpaka usiku umene siling'i inagwa. Fomu ikapita kulikulu siibweranso kudzatiuza kuti tiyambe kukonza chiyani. Zimenezo n'zofunika kulembedwa pasukulu pomwepo, ndi anthu amene amadonthedwa.

Vuto lathu ife Amalawi timakonda kumanga, kukonza ayi. Mu 1994 maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana anakhamukira kusukulu kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Mu 1998 ma DEC aja anasanduka ma CDSS. Kuyambira pamenepo nyimbo yakhala imodzi: midadada yatsopano, midadada yatsopano. Sindikutsutsa, ana akufunikadi pokhala. Koma mdadada watsopano uli ndi riboni yodula, gule, atolankhani ndi chikwangwani cha dzina la bwana. Kusintha malata asanu kulibe riboni. Ndi phungu uti angaitanitse wailesi kuti idzaone akutsegulira ngalande yotsekeka? N'chifukwa chake ngakhale ndalama za CDF zimathamangira pooneka ndi maso, pamene nyumba imene inamangidwa m'nthawi ya Kamuzu ikungophukusuka kuseri.

Ambirife tinasulidwa m'makoleji amene nawo akalamba. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Polytechnic ya ku Blantyre, imene kuyambira 2021 ndi MUBAS, ndi ya m'zaka za m'ma 1960. Nyumba zoyambirira za malo amenewa zapitirira zaka 50. Njerwa ikhoza kupirira, koma mipope, mawaya a magetsi ndi madenga zili ndi msinkhu wake ngati munthu. Zikafika pamenepo sizifunsa ngati bajeti yadutsa.

Kunja anzathu nkhaniyi anaiikira masamu. M'mayunivesite a ku America amayendera nyumba iliyonse, n'kuwerengera ndalama zofunika pokonza zonse zowonongeka, kenaka n'kugawa ndi ndalama zimene zingafunike kumanga nyumba yomweyo mwatsopano. Yankho lake amalitcha Facility Condition Index. Likakhala laling'ono nyumba ili bwino, likamakula ndiye kuti ikudwala, ndipo likayandikira 1 kuli bwino kungogwetsa n'kumanga ina. Mu 1990 bungwe la National Research Council kumeneko linalangiza kuti chaka chilichonse pazipatulidwa ndalama zapakati pa 2 ndi 4 peresenti ya mtengo womangira nyumba za boma mwatsopano, zongokonzera basi. Masamu a Fomu 1 amenewa. Palibe chodikirira katswiri wa jekete wochokera ku Lilongwe ndi alawansi yake.

Musaganize kuti olemera sagwa m'mbunamu. Ku England, chakumapeto kwa Ogasiti 2023, sukulu zoposa 100 zinauzidwa kuti zitseke nyumba zina kutangotsala masiku ochepa kuti teremu iyambe, chifukwa madenga ake anali a konkire yopepuka yotchedwa RAAC imene inali itatha mphamvu. Boma lawo linachita kutumiza mafunso m'sukulu kuti lidziwe kumene konkireyo ili. Ngati iwo ndi makompyuta awo onse anadzidzimuka chonchi, nanga ife amene ngakhale mapulani a nyumba zathu sitidziwa kumene ali?

Tsono buku ndikunenali si la pakompyuta. Pakhale magetsi, pasakhale magetsi, hadikava imodzi yakwana. Nyumba iliyonse ipatsidwe masamba ake: kalasi, labu, laibulale, hositelo, khitchini, zimbudzi, nyumba za aphunzitsi. Pamwamba tilembe chaka chimene inamangidwa, ngati chaiwalika afunsidwe amfumu kapena alonda akale, iwo saiwala. Tiziyendera kawiri pachaka, mu Seputembala mvula isanayambe ndi mu Epulo itangosiya. Poyendera pakhale mphunzitsi mmodzi, membala wa komiti ya makolo, kalipentala wa m'mudzi momwemo ndi ophunzira awiri. Wina akwere ndithu ndi tochi kuseri kwa siling'i, agogode mapaso ndi hamala. Phaso lodyedwa ndi chiswe limalira ngati ng'oma yobooka, ngakhale kunja likuoneka lamoyo.

Mng'alu wa pakhoma tisamangouyang'ana n'kupukusa mutu. Tilembe ndi pensulo pamene wathera, tiyeze kukula kwake ndi rula, tilembe deti pambali. Pakatha miyezi itatu tiyezenso. Umene sukusuntha ungodikira pulasitala. Umene ukukula ndiye kuti pansi pakuyenda, aitanidwe mmisiri weniweni msanga. Ana a Fomu 2 angachite zimenezi pa phunziro la masamu, n'kujambula galafu ya khoma la kalasi yawo yomwe m'malo mwa magalafu a m'buku onena za zinthu zimene sanazionepo.

Chilichonse chikalembedwa chiikidwe mtengo ndi gulu. Gulu loyamba ndi zimene zingaphe kapena kuvulaza munthu: phaso lowola, waya wosenda, silabu ya chimbudzi yong'aluka. Lachiwiri ndi paliponse polowa madzi, pakuti madzi ndiwo amaitana dzimbiri, chiswe ndi kuwola. Lachitatu ndi zosokoneza maphunziro monga zitseko, mawindo ndi mabolodi. Laimu ndi maluwa zikhale kumapeto kwenikweni. Ndalama ikabwera iyambire pamwamba pa mndandanda, kaya kukubwera nduna kaya bishopu.

Ena akuti, "Kulemba kuli n'phindu lanji ndalama palibe?" Ndiye pamene pakufunika kulemba pamenepo! Wolemera akhoza kusokoneza ndalama n'kupeza zina. Wosauka akaphonya waphonyeratu. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo aliyense amene anagulapo lata kapena thumba la simenti akudziwa chimene chinatsatira. Lata limene tinalinyalanyaza lija lero likufuna mapaso, siling'i ndi madesiki, pa mitengo yatsopano. Kuwonjezera apo, mu 2025 boma linalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 maphunziro a sekondale ndi aulere. Kwa makolo ndi nkhani yabwino. Koma zikutanthauza kuti ndalama zokonzera tiziyang'ana kuboma kuposa kale, ndipo sukulu imene ipite ndi mndandanda wa madeti, miyezo ndi mitengo idzamveka kuposa imene ingolira kuti "zinthu zaonongeka kwambiri."

Namondwe Freddy atawomba mu Malichi 2023, Mwanza inali m'gulu la maboma amene analengezedwa kuti agwa m'ngozi. Mphepo ngati imeneyo palibe angaiimitse. Komabe ine ndimakhulupirira kuti mphepo imayambira pa lata limene misomali yake inazuka kale, ndipo msomali wozuka umaoneka mu Seputembala kwa munthu amene wakwera kukauyang'ana.

Inu ophunzira athu akale, mumatikumbukira ndipo tikuthokoza. Koma mukasonkherana pa WhatsApp mumakonda kutigulira geti, chikwangwani kapena yunifolomu ya mpira, zinthu zojambulitsa chithunzi. Ulendo uno musanatumize kanthu funsani ahedi kuti akuwonetseni buku. Akati palibe, mphatso yanu yoyamba ikhale hadikava, rula ndi tochi. Akakuwonetsani, lipirani chimene chili pamwamba, ngakhale chikhale chimbudzi cha atsikana chimene simungaikepo dzina lanu.

Ine ndagula kale yanga pamsika wa paboma, ndi ndalama ya m'thumba mwanga. Loweruka lapitali ndinakwera m'denga la Fomu 1 ndi kalipentala wina amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo. Mwa mapaso amene tinagogoda, atatu analira ngati ng'oma. Ndalemba patsamba loyamba, ndaika deti, ndipo ahedi asainira. A Fomu 3 akuphunzirabe pansi pa mtengo wa mango, uja tinauveka sokosi loyera.