Simenti ikudya makoma a makolo athu

Lero ndabwera ndi dandaulo, ndipo chayambitsa ndi khoma la tchalitchi.

Pa holide yapitayi ndinapita kumaliro kwathu m'mapiri a Dowa, chakumalire ndi Ntchisi. Mwambo unachitikira m'tchalitchi chakale cha njerwa zootcha chimene agogo athu anamanga. Zaka zingapo zapitazo tinasonkha ndalama, nane ndinasonkha nawo, n'kupaka pulasitala wa simenti khoma lonse kuti lioneke lamakono. Ndinapeza pulasitala uja akusendeka ngati khungwa, ndipo posendekapo akuchoka ndi nkhope ya njerwa. Nditagwira njerwa imodzi inangofumbutuka m'zala. Njerwa yomwe inapirira mvula kuyambira nthawi ya atsamunda, ife taimaliza pa zaka zochepa chabe.

Chifukwa chake sichovuta kumva. Njerwa yootcha ndi nkhuni imakhala ndi timabowo tambirimbiri. M'dzinja imamwa madzi kuchokera pansi, m'chilimwe imawatulutsa. Akale ankamanga ndi matope, kapena laimu wosakaniza ndi mchenga, zinthu zofewa kuposa njerwayo, choncho chinyontho chinkatulukira m'mizere ya pakati pa njerwa. Simenti ndi yolimba gwa, ndipo siilola madzi kudutsa msanga. Madzi amatsekeredwa m'kati, amakwera khoma atanyamula mchere wa m'nthaka, ndipo pouma mcherewo umaundana m'timabowo tija n'kumaswa njerwa pang'onopang'ono. Matope akakokoloka mumangomata ena. Njerwa ikafumbutuka, khoma lapita. Ku England bungwe la Society for the Protection of Ancient Buildings, limene William Morris anayambitsa mu 1877, limaphunzitsa amisiri kuti nyumba yomangidwa ndi laimu imakonzedwa ndi laimu.

Chondipweteka n'chakuti akatswiri a miyala ndi nthaka tinali nawo kalekale. Frank Dixey anatsogolera nthambi ya boma yofufuza za miyala ku Nyasaland kuyambira 1921 mpaka 1939. Ana anga ena amamudziwa chifukwa cha mafupa a chinyama chija cha ku Karonga, Malawisaurus dixeyi, chimene chinatenga dzina lake. Koma bambo ameneyu analembanso buku la kapezedwe ka madzi mu 1931, ntchito yokhudza mudzi uliwonse. Omutsatira anayenda mapiri athu ano n'kujambula mapu a miyala yake, ndipo mu 1973 Carter ndi Bennett anatulutsa buku lofotokoza miyala ndi chuma cha pansi cha Malawi yense. Kumene kuli mwala wa laimu kumadziwika: ku Chenkumbi kufupi ndi Balaka anthu akhala akuotcha laimu kwa zaka zambiri.

Nanga nzeru zonsezi zili kuti? Zili m'mashelefu ku Zomba. Kwa ine, kukula kwa munthu wofufuza sikuyenera kuyezedwa ndi kuchuluka kwa anzake ophunzira amene amutchula m'mabuku awo kokha. Ndimafuna kudziwa ngati zimene anapeza zinafika kwa mmisiri wa pa Mponela amene wagwira chipande. Ndipo apa tisanamizire a ku Zomba okha. Pakati pa shelefu ndi mmisiriyo pali ife aphunzitsi. Ndaphunzitsa za kuphwanyika kwa miyala mu Geography zaka zonsezi, ana akuloweza kuti akhoze MSCE, ine osaona kuti zomwezo zikuchitika pa khoma limene ndimatsamira Lamlungu lililonse. Pa msonkhano wa pulasitala uja ndinaomba nawo m'manja.

Zoti titaye zilipo. Mishoni ya Mvera inayamba mu 1889 ndi A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, ya Kongwe mu 1894. M'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi muli nyumba ya 1914 imene lero ndi malo ogona alendo. Kupatula zotchukazi, kuli timatchalitchi ndi timasukulu ta m'midzi tosalembedwa paliponse, timene lamulo loteteza zinthu zakale silingatione.

Ndikudziwa zimene ena munene: simenti ili m'sitolo iliyonse, laimu wabwino womangira ngosowa, ndipo amisiri ambiri sanamugwiritseko ntchito. N'zoona. Koma khoma lakale kawirikawiri limangofuna denga losadontha, ngalande yochotsa madzi m'mbali, ndi kumata mizere ndi zofewa. Zimenezi n'zotsika mtengo kuposa matumba amene tinagula. Komanso kuyambira 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda, pofuna kuteteza mitengo. Njerwa yakale iliyonse tikaipha, ina yolowa m'malo mwake idzadya mtengo wa m'phiri.

Teremu ikubwerayi a Fomu 3 aimika njerwa ziwiri m'beseni la madzi a mchere, ina yosapaka, ina yopaka simenti mbali zitatu, ndipo tiziziyang'ana Lachisanu lililonse. Inu amene munapita ku Polytechnic kapena ku Chancellor n'kuphunzira zomangamanga ndi za miyala, ndikufuna mmodzi adzabwere tsiku lotsegula pulasitalayo. Ndaitananso mmisiri amene anapaka tchalitchi chathu, ndipo wavomera.