Lamya za m'maofesi: kugula sentrali yakoyako kapena kubwereka ya pa intaneti?

TETE. Eni makampani, mahotela, zipatala za mishoni ndi mabungwe a alimi m'chigawo chino ali ndi funso limene sangalizengereze nthawi yaitali. Makina akale ogawa lamya m'maofesi, amene ambiri amawatchula PABX kapena sentrali, akukalamba, ndipo ena mwa makampani amene ankawapanga adasiya ntchitoyi. Ogulitsa akubwera ndi njira ina: ofesi isakhalenso ndi sentrali yake, koma izilipira mwezi ndi mwezi kuti lamya zake ziziyendetsedwa ndi makompyuta a kampani ina kudzera pa intaneti. Njira yatsopanoyi ili ndi ubwino wooneka, koma kuno kwathu iyenera kuyesedwa ndi zinthu zimene timazidziwa bwino: magetsi, rede ndi mtengo wa dola.

Kusiyana kwake

Sentrali yakale ndi bokosi limene limakhala m'nyumba ya kampani. Mizere yochepa yochokera kunja, mwina inayi kapena isanu ndi itatu, imalowa m'bokosimo, ndipo kuchokera mmenemo nthambo zimapita ku tebulo la wantchito aliyense. Nthambi zimenezi m'maofesi amazitchula extensão. Munthu wa m'chipinda china akafuna mnzake wa m'chipinda china, mawu sachoka m'nyumbamo ndipo palibe cholipira. Bokosi limagulidwa kamodzi, limakhala katundu wa kampani, ndipo likawonongeka amaitana mmisiri.

Njira ya pa intaneti imachotsa bokosi lija. Ntchito yake imagwiridwa ndi makompyuta amene ali kutali, mwina ku Maputo, ku Johannesburg kapena ku Ulaya. Mawu amadulidwa m'tizigawo ting'onoting'ono n'kuyenda pa intaneti monga mmene amayendera mauthenga ena onse. Luso limeneli limatchedwa VoIP. Wantchito angayankhe nambala ya ofesi pa lamya ya pa tebulo, pa kompyuta kapena pa lamya yake ya m'manja, kulikonse kumene ali. Kampani imalipira malinga ndi chiwerengero cha antchito olumikizidwa, ndipo tsiku limene yasiya kulipira, lamya nazo zimatseka.

Pali njira yachitatu imene ogulitsa ena saitchula kawirikawiri. Bokosi lingakhale m'nyumba ya kampani koma likhale lamakono, logwiritsa ntchito luso lomwelo la VoIP. Pulogalamu ya Asterisk, imene idatuluka mu 1999 ndipo ndi yaulere, imasandutsa kompyuta wamba kukhala sentrali yotere.

Chifukwa chake funsoli lafika tsopano

Tikumbukire kumene tachokera. Kampani ya boma ya TDM idakhazikitsidwa mu 1981, ndipo kwa zaka zambiri lamya ya pa nthambo ndiyo inali yokha. Kupeza mzere kunali kovuta, choncho sentrali inali yofunika kuti mizere iwiri kapena itatu ikwanire ofesi yonse. Lamya za m'manja zidayamba ndi mcel mu 1997, Vodacom idalowa mu 2003, ndipo Movitel idayamba mu 2012 n'kufalitsa rede mpaka kumidzi ya Angónia, Tsangano ndi Macanga. Kuyambira pamenepo anthu adazolowera kuimbira munthu mwiniwake m'malo moimbira ofesi. TDM ndi mcel zidaphatikizidwa kukhala Tmcel, ndipo manambala oyamba ndi 252, amene ndi a pa nthambo a mzinda wa Tete, lero amaimbidwa ndi ochepa poyerekeza ndi oyamba ndi 82, 84 kapena 86.

Kunja nako zinthu zasintha. Toshiba idasiya malonda a sentrali za m'maofesi mu 2017. Panasonic, imene mabokosi ake ali m'maofesi ambiri a mu Africa, idalengeza mu 2020 kuti isiya kuwapanga. Avaya idapita ku khoti kukapempha chitetezo cha ngongole mu 2017 ndiponso mu 2023. Ku Britain kampani ya BT idaika January 2027 kukhala nthawi yotseka lamya zakale za pa nthambo ya mkuwa. Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti zida zosinthira za mabokosi akale zidzayamba kusowa ndi kukwera mtengo. Amene ali ndi sentrali ya zaka khumi ndi zisanu angaigwiritsebe ntchito, koma adziwe kuti ikadzapsa ndi mphezi, mwina sadzapeza chosinthira.

Zimene njira ya pa intaneti imapindulitsa

Ubwino waukulu ndi wa kampani imene ili ndi nthambi m'malo angapo. Taganizirani wogula mbatata ndi chimanga amene ali ndi ofesi ku Tete, nkhokwe ku Ulónguè, makilomita oposa 200 kuchokera mu mzinda, ndi kalaliki pa malire a Zóbuè. Ndi sentrali yakale, malo aliwonse amafuna bokosi lake ndi mizere yake, ndipo kuimbirana pakati pawo kumalipiridwa. Ndi njira ya pa intaneti, onse atatu amakhala ngati ali m'nyumba imodzi, ndipo wogula akaimba nambala imodzi angaperekedwe kwa aliyense wa iwo.

Ubwino wachiwiri ndi wa ndalama zoyambira. Palibe bokosi logula, palibe nthambo zapadera zokhoma m'makoma. Kampani yogwira ntchito ya nyengo, monga ya fodya kapena thonje, ingawonjezere antchito makumi awiri nthawi ya msika n'kuwachotsa msika ukatha.

Chachitatu n'chakuti nambala imakhala ya kampani. Lero malonda ambiri amayendera nambala ya m'manja ya wantchito, ndipo iye akasiya ntchito amapita ndi ogula onse m'thumba mwake. Ofesi ikagwa m'madzi kapena ikapsa, nambala ya pa intaneti sipsa nayo. Tidaona mu January 2022 pamene namondwe Ana adagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, pakati pa Tete ndi Moatize: antchito ambiri sadathe kufika ku ntchito. Pa tsiku lotere, lamya imene ingayankhidwe kunyumba ndi yamtengo wapatali.

Magetsi ndi rede

Lamya yakale ya pa nthambo inkalandira mphamvu yake kuchokera ku sentrali ya kampani ya lamya, kumene kunali mabatire aakulu. N'chifukwa chake inkalira ngakhale magetsi atazima m'tauni. Lamya ya pa intaneti ilibe mwayi umenewu. Chida cholandirira intaneti, chida chogawira ndi lamya yeniyeniyo, zonse zimafuna magetsi a m'nyumba. Ngakhale damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu ndipo limatha kupanga mamegawati 2,075, wamalonda wa ku Domué kapena ku Furancungo amadziwa mmene magetsi amathawira nthawi ya dzinja. Wosankha njira yatsopano awerengere mtengo wa mabatire kapena wa magetsi a dzuwa pamodzi ndi mtengo wa lamya.

Za rede, vuto si kukula kwake. Kukambirana kumodzi kumafuna pafupifupi makilobiti 100 pa sekondi, kotero anthu khumi olankhula nthawi imodzi amakwana pa megabiti imodzi. Chofunika ndi chakuti rede ikhale yokhazikika. Bungwe la dziko lonse loona za mauthenga, ITU, limalangiza kuti mawu asachedwe kupitirira mamilisekondi 150 kuchoka kwa wolankhula kufika kwa womvera. Akachedwa kwambiri, anthu amayamba kudulana mawu. Wina mu ofesi akamakoka filimu pa rede yomweyo, mawu amadukaduka. Satelaiti zakale za VSAT zinkachedwetsa mawu pafupifupi kota ya sekondi. Starlink, imene idayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023, imachedwa pang'ono kuposa pamenepo ndipo yathandiza malo akutali, koma nayo imafuna magetsi ndipo mvula yamphamvu imaisokoneza.

Palinso njira yaitali imene mawu amayenda. Intaneti ya dziko lino imadalira kwambiri nthambo za pansi pa nyanja: Seacom idafika ku Maputo mu 2009, EASSy mu 2010, ndipo 2Africa idafika ku Maputo ndi ku Nacala m'zaka zaposachedwa. Pa 12 May 2024 nthambo za Seacom ndi EASSy zidaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti idafooka ku Moçambique, Malawi, Tanzania ndi maiko ena kwa masiku ambiri. Miyezi ingapo pambuyo pake, chisankho cha pa 9 October 2024 chitachitika, intaneti ya pa lamya za m'manja idatsekedwa kangapo m'dziko lonse. Ofesi imene sentrali yake ili ku Ulaya, pa masiku otere mlembi sangathe kuimbira ngakhale bwana wake amene ali kuseri kwa khoma. Ofesi ya bokosi lakelake imalankhulana m'kati ngakhale dziko lonse litadulidwa.

Ndalama zake

Ogulitsa amakonda kuonetsa mtengo wa mwezi umodzi chifukwa umaoneka wochepa. Tiyeni tichite masamu oyerekeza chabe. Kampani ya antchito 20 italipira madola 15 pa munthu pa mwezi, ndiye madola 300 pa mwezi, madola 3,600 pa chaka, madola 18,000 pa zaka zisanu. Pa mtengo wa mametikali 64 pa dola, umene udalipo mu 2024, chaka chimodzi ndi mametikali 230,400. Aliyense aike mitengo imene wapatsidwa m'malo mwa iyi, awerenge zaka zisanu, ndipo ayerekeze ndi mtengo wa bokosi, mmisiri ndi zosinthira pa zaka zomwezo.

Mtengo ukakhala wa madola, pali ngozi ina. Mu 2016, nkhani ya ngongole zobisika itaululika, metikali idagwa kuchoka pafupifupi 45 pa dola kufika kupitirira 70 m'chaka chimodzi. Amene adagula bokosi kale sadamve kanthu pa lamya zake. Amene akadakhala akulipira mwezi ndi mwezi m'madola akadaona ngongole yake ikukwera ndi theka kapena kupitirira. Choncho pangano lolembedwa m'mametikali ndi kampani ya m'dziko muno lili ndi chitetezo chimene pangano la kunja lilibe.

Nambala, lamulo ndi akuba

Manambala oyamba ndi +258 amagawidwa ndi INCM, bungwe loyang'anira mauthenga m'dziko muno, kwa makampani amene ali ndi chilolezo. Wogulitsa aliyense afunsidwe kuti nambala imene akupereka ikuchokera kwa yani, ndiponso ngati kampani ingapite nayo ikafuna kusintha. Nambala ya ku Lisboa kapena ku London ilibe ntchito kwa mlimi wa ku Chifunde, chifukwa kuiimbira kumadya kredito ngati lamya ya kunja. Afunsidwenso ngati manambala a polisi ndi a ozimitsa moto amaimbika pa lamya zakezo.

Kampani yakutali ingathenso kutseka ntchito yake popanda kutifunsa. Skype, imene idayamba mu 2003 ndipo ambiri ankaidalira, idatsekedwa ndi Microsoft mu May 2025. Wobwereka nyumba amasamuka mwini akafuna.

Akuba nawo alipo mbali zonse ziwiri. Nthambo za mkuwa zimadulidwa usiku n'kukagulitsidwa kwa ogula zitsulo. Pa intaneti, mbava zimayesa mawu achinsinsi a sentrali, ndipo zikalowa zimaimba manambala okwera mtengo a kunja Loweruka ndi Lamlungu, ngongole n'kugwera mwini. Bokosi lamakono losiyidwa popanda mmisiri woliyang'anira ndi khomo losatseka. Pa mfundo iyi kampani yaikulu ya pa intaneti kawirikawiri imateteza bwino kuposa ofesi yaing'ono.

Asankhe chiyani

Kwa sitolo, ofesi ya loya kapena bungwe la antchito ochepa omwazikana m'maboma, njira ya pa intaneti ndi yoyenera, bola pakhale rede ziwiri za makampani osiyana, batire, ndi dongosolo lakuti intaneti ikagwa lamya zizipita zokha ku nambala ya m'manja. Kwa chipatala, hotela, fakitale kapena mgodi wa ku Moatize, kumene lamya zambiri ndi za m'kati ndipo namwino ayenera kupeza dokotala pakati pa usiku, bokosi likhale m'nyumba momwemo. Likhale lamakono, lolumikizidwa kunja ndi njira ziwiri. Kwa amene sentrali yake yakale ikugwirabe ntchito, palibe chothamangira, koma ayambe kusunga ndalama ndi kufunsa mitengo chaka chino.

Ntchito ina ndi ya akuluakulu. Mu 2024 kampani ya Raxio idatsegula nyumba yaikulu yosungira makompyuta ku Beluluane, kufupi ndi Maputo, ndipo ichi chikutanthauza kuti sentrali za pa intaneti zingathe kukhala m'dziko muno. Komabe Maputo ali pa mtunda wa makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Tete, ndipo nthambo imodzi ikaduka pa njira, chigawo chimakhala chete. Makampani a lamya ndi INCM aonetsetse kuti Tete ali ndi njira zingapo zotulukira. Masukulu a ntchito zamanja nawo aphunzitse achinyamata luso la VoIP, kuti kampani ya ku Ulónguè isamadikire mmisiri wochokera ku Beira sabata yathunthu. Ma telefonista amene akhala pa sentrali zaka zambiri aphunzitsidwenso, popeza wogula akaimba amafunabe munthu womuyankha m'chinenero chake.